Chikho cha Potaziyamu

Mphepo imene inasasula denga la chipinda cha sayansi pasukulu ya sekondale ina kufupi ndi Ndake inabwera ndi mvula yoyamba, ndipo sinasankhe. Inanyamula malata, inagwetsa chipupa chakum'mawa, nimwaza pabwalo zikho makumi awiri za malemu a Mumba. Ana anazitola m'matope n'kuzisunga m'thumba la feteleza muofesi ya ahedi.

Zikhozo sizinali zomwera madzi. A Mumba, amene anaphunzitsa sayansi pasukulupo mpaka matenda a shuga atawagoneka, anali munthu wosakhulupirira choko. Ankati mwana ukamuuza kuti atomu iyi ndi yaikulu kuposa inzake amangogwedeza mutu kuti umusiye, koma ukamugwiritsa chinthu ndi manja ndiye chalowa. Choncho anayenda m'midzi kupempha mphonda zouma, zina zazing'ono ngati dzira, zina zazikulu ngati mutu wa munthu, nazidula pakati, nazikoloweka pamisomali. Pansi pa msomali uliwonse analemba dzina la elementi ndi nambala yake, kuyambira haidirojeni mpaka kalisiyamu, m'mizere yake monga zimakhalira pa tchati cha maelementi. Chikho chilichonse chinkaimira atomu, ndipo kukula kwa chikho kunali kukula kwa atomuyo. Pazikho penipenipo sanalembepo kanthu. Akanalemberanji? Mwini wake ankadziwa kwawo kwa chilichonse.

Chipupacho anachimanganso makolo nthawi yozizira, anthu atamaliza kukolola. Amayi anatunga madzi, abambo anaumba njerwa, ndipo mmisiri wamkulu anali a Abednego Daka, wapampando wa komiti ya makolo, munthu amene nyumba zake sizing'aluka. Wolemba zikwangwani wina wa ku Nyimba anakopera mayina ndi manambala m'buku, osaphonya ngakhale chilembo. Kenako a Daka anakhuthulira thumba lija pansi. Anayang'ana manambala pachipupa, anayang'ana zikho, nachita zimene munthu aliyense wamutu wake akanachita. Anazindandalika kuyambira kakang'ono mpaka chachikulu, monga ana amaimira pamzere m'mawa: wani atenge kochepetsetsa, twente atenge chimphona. Ndipo poti mphepo inali itawaphunzitsa, misomali anaikana. Chikho chilichonse anachimatirira m'chipupa ndi simenti, kuti kamvuluvulu akadzabweranso adzabwerere chimanjamanja.

Tisanamizane, ntchitoyo inakongola. Anthu opita kuchigayo ankapatuka kudzasuzumira pawindo, ndipo amayi ena analira ataona zikho za a Mumba zitabwerera. Komiti inagwirizana kuti chipindacho chitchedwe dzina la malemuyo pamwambo waukulu, wa alendo ochokera ku boma, mayeso a giredi thwelofu atatsala pang'ono kuyamba. A Daka masiku amenewo ankayenda chifuwa chili patsogolo, ndipo palibe amene akanawadzudzula.

Dainess Njobvu anatumizidwa pasukulupo temu yomaliza, kudzalowa pamalo amene anakhala opanda mwini chimwalirireni a Mumba. Sanali mlendo. Anakulira pakhomo pa a Daka omwewo, amene ndi mlongo wa malemu amayi ake, ndipo sayansi anaiyamwa m'chipinda chomwechi, ali pabenchi yakutsogolo kukamwa kuli yasa. Tsiku loyamba analowa akumwetulira, maso akufunafuna chipupa cha mphunzitsi wake. Kumwetulirako kunathera pakhomo pomwepo. Chimphona chija, chikho chimene a Mumba ankachisisita akamanena za potaziyamu, chinali chitasamukira kwa kalisiyamu. Lithiyamu, woyenera chikho chooneka, anali ndi kanthu kosakwana kumwetsera mwanapiye.

Nkhani yake si yovuta, kungoti imatsutsana ndi zimene mutu umayembekezera. Pa tchati cha maelementi, ukamatsika kuchoka pamzere wina kupita wapansi, maatomu amakula, chifukwa amavala chigoba china cha maelekitironi kunja. Pamenepo a Daka sanaphonye. Koma ukamayenda mumzere umodzi kuchoka kumanzere kupita kumanja, nambala ikukwera, kulemera kukukwera, atomu imachepa. Mapulotoni a pakati amachuluka n'kumakoka maelekitironi mwamphamvu, chigoba chili chomwecho. Ndiye sodiyamu wa nambala leveni ndi wamkulu kuposa kilorini wa nambala seventini. Chipupa cha a Daka chinkanena zosiyana, ndipo chinkanena tsiku ndi tsiku, m'mawa mpaka madzulo, osatopa ndiponso osapita kutchuthi.

Dainess anayamba mwaulemu. Anajambula pabolodi, anafotokoza, anabwereza, anawauza ana kuti chipupa asamachiyang'ane. Koma tamuuzani mwana kuti asayang'ane chinthu muone. Choko chimafufutidwa belu likalira, simenti imatsala. Atawapatsa mayeso oyeserera, mapepala anabwera onse ndi yankho limodzi: kilorini wamkulu, sodiyamu wamng'ono. Ngakhale Josephine, mtsikana wakuthwa mutu amene ankalota za unamwino, analemba zomwezo.

"Josephine, sininakambe ine kuti sodiyamu ndiye mkulu?"

"Munakamba, madamu."

"Nanga ichi n'chani?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi, kenako maso ake anathawira kuchipupa. "Nikatseka maso pa mayeso niona zikho, madamu. Bolodi silibwela. Ndiponso ni za a Mumba. A Mumba anganame?"

Apo ndi pamene Dainess anapsa mtima, osati ndi mwanayo ayi. Ana a pasukulupo ali ndi kawerengedwe kawo. Mabuku ndi ochepa, ndiye mayeso akayandikira amakhala m'chipindamo masana onse n'kumameza chipupa ndi maso, podziwa kuti tsiku lolemba chidzaphimbidwa ndi mapepala. Ankameza bodza, ndipo bodzalo linali litavala dzina la munthu amene moyo wake wonse sanalolepo mwana kutuluka m'kalasi ndi yankho lokhota. Zimenezo n'zimene zinkamuwawa kwambiri.

Sabata ya mwambo itakwana, anapita kwa ahedi. A Benson Sakala ndi munthu wabwino, wosakalipa, koma pakamwa pawo pamakhala liwu limodzi lokha, lakuti tizaona. Chimbudzi cha anyamata chinagwa iwo akadali pa tizaona. Anamvetsera Dainess mpaka kumapeto akugwedeza mutu, chifukwa nawonso sayansi anailawapo.

"Mwakamba zoona, a Njobvu. Na ine n'naona kuti penapake sipali bwino. Koma mwambo uli pa Chiwelu. Alendo taitana, amai a Mumba tawauza, mbuzi tamanga kale. Lekani mwambo upite, ndiye tizaona."

"Mwambo ukapita, chipupa chizankhala na dzina la malemu. Ndani azachigwila?"

"Tizaona."

"Niloleni chabe nichiphimbe na nsalu mpaka ana alembe."

Ahedi anatong'ola maso. "Muphimbe nchito ya makolo? Anthu anatunga madzi na mitu yawo! Ndipo amene anamanga ni amalume anu. Imwe a Njobvu, nkhani iyi ni ya pakhomo panu. Kakambilaneni kwanu."

Mwanjira imeneyo ahedi anasamba m'manja, ndipo pomuperekeza pakhomo ankaoneka opepukidwa.

Koma sananame. Nkhaniyo inalidi ya pakhomo, ndipo n'chifukwa chake Dainess anaizengereza temu yonse. Kwa Ansenga mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malume ndiye khomo. A Daka ndiwo anamutenga amayi ake atamwalira, ndiwo ankamubereka kumuwolotsa mitsinje ikadzaza, ndiwo anavina mpaka kugwa tsiku limene anasankhidwa kupita kukoleji. Tsopano kunali Ivan wa ku Kalindawalo, chibwenzi cha Dainess, wokonza mapampu a madzi ku Petauke. Abale a Ivan anali atatumiza kale mawu kuti mayeso akatha adzabwera kudzagogoda za ukwati, ndipo pogogoda pake panali pa a Daka. Iwo akapanda kukhala pamphasa, panalibe ukwati umene abale a mbali zonse akanauwerengera.

Lachiwiri ataweruka, Dainess anawapeza a Daka pansi pa mtengo wa mango, akumanga mitolo ya udzu wofolerera chisakasa cha alendo. Anagwada chapatali, napereka moni, nafunsa za msana wawo, za ng'ombe, za thonje la chaka chino. Munthu wamkulu sumugenda ndi nkhani. Atatha zonsezo ndiye anayamba.

"Amalume, nabwela na nkhani ya chipupa."

"Chang'aluka?" A Daka anasiya udzu.

"Iyayi, chipupa chili bwino. Ni zikho. Zinakhala malo osayenela."

A Daka anaseka mpaka kutsokomola. "Wewo Dainess! Wani, thuu, fili, mpaka twente. Nambala ikakula, chinthu chikula. Unaonapo kuti mwana wa ng'ombe wopambana mai wake?"

Dainess anasendera pafupi, nakoka mtolo umodzi umene unali ndi luzi limodzi lokha, udzu uli nyankhalala.

"Amalume, nikamanga luzi lina apa, na lina, na lina, n'kukoka, mtolo ulemela olo upepuka?"

"Ulemelako pang'ono. Luzi nalo lili na thupi."

"Nanga ukula?"

Anauyang'ana mtolowo. "Uchepa. Umangika."

"Ni mwamene zilili mu mzele umozi. Mukapita kumanja, mphamvu yokoka pakati ichuluka, atomu imangika. Ikula pokhapo mwatsikila mzele wapansi, monga mwayalapo udzu wina pamwamba."

A Daka si munthu wogona. Anazunguza luzi pachala, ndipo Dainess anaona pankhope pawo kuti chalowa. Anachita kufunsa okha.

"Ndiye chachikulu chija ni cha kumanzele? Cha naintini?"

"Eya, amalume."

"Na kakang'ono ni ka thuu, osati ka wani."

"Eya!" Mtima wa Dainess unadumpha ndi chimwemwe. Anaganiza kuti nkhani yatha, anayamba ngakhale kudzinyoza kuti wavutikiranji temu yonse.

"Namva," anatero a Daka. "Lomba nawe umve. Zikho zizankhala pamene zilili."

"Amalume?"

"N'namanga pamaso pa mudzi wonse. Abusa anapemphelela. Amai a Mumba ananigwila dzanja akulila. Lomba ufuna niimilile nikambe kuti ine Abednego n'nasokoneza nchito ya wakufa, ndipo wanigwila ni mwana wamene n'nalela nekha? Anthu a kuno saiwala. Nizankhala Daka wa zikho mpaka kumanda."

"Nanga ana? Alemba mayeso."

"Funso limozi. Azafa nalo?"

"Si limozi, amalume. Wasokoneza kukula wasokoneza zonse. Sazaziwa chifukwa chake potaziyamu ataya elekitiloni msanga, olo chifukwa chake kilolini agwila zolimba. Ni muzu uyu."

"Aphunzitse na pakamwa. Unapitila kukoleji kuphunzitsa, osati kugumula."

"Nayesa. Chipupa chanu chinipambana mau."

A Daka anakoka luzi mpaka linaduka. Anataya zidutswazo, natenga lina, osamuyang'ana.

"Dainess, anthu a Ivan abwela mwezi wa mawa. Azanipeza nili munthu, olo azanipeza nili choseketsa. Sankha wekha."

Sanakweze mawu. Akanakalipa bwenzi zili bwino, chifukwa munthu wokalipa amatopa. Dainess anatsanzika mwaulemu monga anabwerera, ndipo ukali unamugwira atafika kale kumsewu. Akanakhala kuti sanamve, akanawakhululukira. Koma anamva, anamvetsa kuposa ana ena a m'kalasi mwake, n'kusankhabe kuti bodza likhale pachipupa.

Ali panjira pomwepo anaimbira Ivan. Ivan anaseka kaye poganiza kuti ndi nthabwala, kenako anasiya kuseka.

"Yembekeza tikwatilane, ndiye ukagumule sukulu yonse. Hamala nizakubweleka ine."

"Ana alemba tisanakwatilane."

"Ana amenewo ni ako?"

Dainess anadula foni, chifukwa yankho limene linali pakamwa pake likanathetsa chibwenzi pompo. Musaganize kuti Dainess sankamukonda Ivan. Ankamukonda, ndipo a Daka ankawakonda koposa, ndipo mantha ankawamva ndithu. Lachitatu anadziuza kuti asiye. Anaphunzitsa atafulatira chipupa, akulankhula mokweza kuposa masiku onse. Koma maso a ana ankangodumpha mutu wake kukatera pazikho, milomo ikuyenda chamumtima. Ataweruka anakwera galimoto ya ku Nyimba, nagula tchizulo yogobera simenti, hamala ndi misomali. Walira mvula walira matope, izo ankazidziwa bwino lomwe.

Lachinayi masana kunatentha moti nyenje zinkachita kulira ngati zikupsa. Kuseri kwa bwalo la mpira abambo ankaimika chisakasa. Ana a giredi thwelofu anali m'chipinda cha sayansi akudzikupiza ndi makope pamene Dainess analowa wopanda buku. Anamanga chitenje pamwamba pa diresi, nakokera desiki kuchipupa, nakwerapo.

"Lelo kulibe kulemba. Nikachotsa chikho, imwe muniuze kwao."

Anaika tchizulo pambali pa chikho chimene chinali pa elementi ya agoni, kumapeto kwa mzere wa sodiyamu, namenya. Phokoso lake linadzaza chipinda chonse. Simenti ya a Daka ndi simenti, sinkagonja msanga, ndipo fumbi linamulowa m'maso, koma potsiriza chikhocho chinagwedera n'kutuluka. Anachikweza m'mwamba.

"Mu mzele uno, ichi ndiye chachikulu. Cha ndani?"

Ana anayang'anana.

"Cha sodiyamu," anatero Josephine ndi mawu aang'ono.

"Chifukwa?"

"Ali kumanzele. Pakati pake pakoka pang'ono."

"Ndiye elekitiloni yake ya kunja?"

"Ithawa msanga, madamu. Ili kutali."

Dainess anasuntha desiki kuti achotse kachikho kamene kanakhala pamalo a sodiyamu. Apa dzanja linamunyenga. Tchizulo inaterereka, ndipo kachikhoko kanaphwanyika n'kugwa pansi tizidutswa. Mtsikana wina anakuwa kuti mayo! Dainess nayenso chinamubaya. Chinali chinthu chimene a Mumba anachipala ndi manja awo, ndipo iye ndiye anachiswa. Anakhoma msomali, nakoloweka chikho cha sodiyamu pamalo pake. Chachitatu chinatuluka bwino. Chachinayi chinasweka pakati.

Ahedi anafika akuthamanga, tayi ili paphewa.

"A Njobvu! Mwapenga? Tsikani apo! N'nakamba kuti izi tizaona!"

"Taona kale, ahedi," anatero Dainess osatembenuka, namenyanso.

Ana ena anabisa nkhope m'makope. Ahedi anayang'ana zidutswa pansi, ndipo poti kugwira mphunzitsi wamkazi n'kumutsitsa padesiki sakanatha, anatuluka liwiro kulowera kuchisakasa. Aliyense anadziwa amene akukamuitana.

Dainess anaona kuti nthawi yamuthera. Akamuletsa tsopano, chimphona chija chitsala pa kalisiyamu mpaka kalekale. Anatsika padesiki, napita kumzere wapansi, umene uli ndi zikho ziwiri zokha. Cha pa potaziyamu anachichotsa mwamwayi chabe, nachiika pambali. Anali atangoika tchizulo pambali pa chachikulu pamene kuwala kwa pakhomo kunatsekeka.

A Daka anaima pamenepo, udzu uli m'tsitsi. Kumbuyo kwawo kunali abambo a chisakasa, ndipo amayi amene ankazira pabwalo anadzaza mawindo, manja ali matope okhaokha. Dainess anali chogwada, chifukwa mzerewo uli m'munsi, moti wongofika kumene akanati mwanayu akupereka ulemu.

"Dainess, ika pansi."

"Pepani, amalume. Siniika."

"Nakamba ika pansi."

"Namva, amalume."

Anamenya. Simenti inagumuka pang'ono, koma m'mphepete mwa chikho chachikulucho munaoneka kamng'alu kopyapyala, kakukwera m'mwamba. Mayi wina pawindo anagwira pakamwa. Dainess anakwezanso hamala.

A Daka analowa. Ana anawapatukira, akukwekwereza madesiki. Anagwira mkono wake m'mwamba momwemo, nalanda hamala, nalanda tchizulo. Chipinda chonse chinayembekezera mbama, Dainess yemwe anatsinzina. Mbamayo sinabwere. Atatsegula maso anaona amalume ake atagwada pambali pake. Anaika tchizulo patali ndi chikho, nayamba kudula simenti mozungulira, pang'onopang'ono, monga munthu amakumbira chinangwa chimene safuna kuti chithyoke. Kunkangomveka hamala, ndi kupuma kwa munthu wamkulu amene msana umamuvuta. Dainess ankayang'ana manja amenewo, omwe aja ankamugwira powoloka mitsinje, ndipo chiyembekezo chinamudzaza. Anati mumtima, abwera, amalume anga abwera.

Chikhocho chinatuluka chathunthu. A Daka anachiuzira fumbi, nachipukuta ndi malaya awo, nachiika m'manja mwake.

"Ni cha a Mumba ichi. Sichingafele m'manja mwa munthu wosaziwa kugwila tchizulo."

"Zikomo, amal..."

"Usaniitane." Anadzuka atagwira bondo. Mawu awo anali otsika, koma anafika mpaka kumawindo. "Wasankha. Kauze anthu a Ivan apeze khomo lina logogoda. Pa ine, mwana wa mlongo wanga wathela pano."

Anaika zida pansi, natuluka. Anthu a pakhomo anawatsegulira njira, maso ali pansi. Pawindo Dainess ankawaona akudutsa bwalo, osalowera kuchisakasa koma kunjira ya kumudzi. Ankayenda pang'onopang'ono, ndipo iye ankawadziwa. Kuyenda kumeneko kunali kumupatsa mpata. Akanathamanga, n'kuwagwira mwendo, n'kulonjeza kubwezera chikho pa kalisiyamu mwambo usanafike, bwenzi madzulo omwewo akudyera pakhomo limodzi, ndipo mwezi wamawa bwenzi mphasa itayalidwa. Miyendo yake inafuna. Anachita kuimva ikufuna.

Anaimirira, natembenukira ana, chikho chili pachifuwa.

"Ichi ni cha ndani?"

Ana ankayang'ana misozi imene inkadula mizere m'fumbi la pankhope pake.

"Nafunsa! Cha ndani?"

"Cha potaziyamu, madamu," anatero Josephine.

"Nonse!"

"Cha potaziyamu!"

"Chifukwa?"

"Ali pansi, ali kumanzele!"

Pamene anayang'ananso pawindo, a Daka anali atakhota pangodya ya mpanda, ndipo panjira panalibe munthu. Dainess anagwada, natola hamala. Maso sankaona bwino, moti kumenya koyamba kunagwera pachala, koma sanalire mayo. Anakhoma msomali pamwamba pa nambala naintini, nakoloweka chimphona chija, nachiwongola kuti chikhale bwino. Kenako anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, natola tchizulo, nakweranso padesiki.